Wotsatsa malonda si malume a mwana wanu

Makolo anzanga, ndi inu achinyamata amene mwangolowa kumene m'banja, lero mundilole ndiyambe ndi kudziyalutsa ndekha. Munthu wochenjeza anzake za minga ndi bwino aonetse kaye phazi lake lomwe linabayidwa.

Ine ndine mphunzitsi wa Chichewa pa sekondale ina yoyendera kufupi ndi Ngabu, m'boma la Chikwawa. Tsiku lina mwezi wa Okutobala, nthawi ija kuno kuchigwa dzuwa limaotcha mpaka nkhuku kuyasamula kukamwa zili pamthunzi, m'chipinda chathu cha aphunzitsi munalowa anyamata awiri otchena bwino, mataye ali pakhosi ngakhale kunja kunali ng'anjo. Anatigawira timapepala tonyezimira. Pakapepalapo panali chithunzi cha bambo wina atakwera njinga yamoto yatsopano, mkazi wake akumwetulira pakhonde la nyumba yamalata. Pamwamba analembapo ndi zilembo zikuluzikulu kuti ndalama mulandira lero lomwe, popanda chikole, ndipo pobweza simumva kuwawa chifukwa azingodula pang'onopang'ono kumalipiro. Mmodzi mwa anyamatawo anandinong'oneza kuti mwayiwo utha Lachisanu, komanso kuti aphunzitsi a pasukulu yoyandikana nafe atenga kale onse.

Ndinasaina tsiku lomwelo. Ine amene ndimaphunzitsa ana kufukula tanthauzo lobisika m'ndakatulo, sindinawerenge timalemba ting'onoting'ono tomwe tinali kumunsi kwa pepala.

Njinga ndinaguladi. Koma kapepala ka malipiro katabwera, mayi a kunyumba anakatenga n'kukhala nako pamphasa usiku, tochi ili m'manja. Iwowa amagulitsa mandasi ndi zitumbuwa, choncho masamu a ndalama sawaphonya. Anachulukitsa ndalama yodulidwa pamwezi ndi miyezi 36, anayang'ana yankho, kenaka anandiyang'ana ine.

"Bambo, ine pogula ufa wa mandasi ndimayamba ndaunyamula m'manja kuti ndimve kulemera kwake. Inu mwasenza katundu wa zaka zitatu osamuyesa n'komwe?"

Ndalama yobweza inatsala pang'ono kuwirikiza kawiri yomwe ndinatenga. Munali chiwongoladzanja, munali inshulansi, munalinso ndalama ya mafomu. Chaka chotsatira mwana wathu woyamba anasankhidwa kupita ku sekondale yogonera komweko, ndipo tinachita kugulitsa mbuzi zitatu kuti apite. Kwa miyezi ingapo m'nyumba mwathu munalibe kuseka.

Chomwe chinandipweteka koposa n'chakuti anyamata aja sanandinamize ayi. Nditabwerera kukapepala kaja ndinapeza kuti zonse zinalembedwa. Iwo anangokuza zokoma n'kuchepetsa zowawa, kenaka n'kundithamangitsa kuti ndisapeze mpata woganiza. Apa m'pamene ndinazindikira kuti wotsatsa malonda wochenjera safunika kunama. Amangosankha choti muone ndi choti musaone. Paja akulu anati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Funso lomwe linandisowetsa tulo linali lakuti: ngati ine wamkulu, wodziwa kuwerenga, ndinagwa m'mbuna yotere, nanga ana amene ndimawaphunzitsa, omwe malonda akuwatsata mpaka m'foni za m'manja?

Mu 2022 ndinaganiza zoyesa kanthu ndi ana a Fomu 3. Ndinawapatsa sabata imodzi kuti aliyense abweretse uthenga wamalonda umodzi womwe waumva kapena kuuona. Lolemba lotsatira tebulo langa linadzaza. Wina anabweretsa pepala lokulungira sopo. Wina kalendala ya mbewu yokhala ndi chithunzi cha chimanga chachikulu ngati mkono wa munthu. Wina anakopera mawu olembedwa pakhoma la sitolo ku Nchalo, wina mawu a chimkuzamawu cha pagalimoto tsiku la msika ku Bangula. Mtsikana wina anamatula pamtengo chipepala cha sing'anga wochiza matenda onse, mnyamata wina n'kulemba uthenga wa kubetcha mpira womwe unabwera pafoni ya mchimwene wake.

Tinaziyala zonse pansi ndipo ndinalemba pabolodi mafunso atatu okha. Akulankhulayu ndani, ndipo apindula chiyani ndikamumvera? Akufuna kuti mumtima mwangamu ndimve chiyani? Nanga n'chiyani chomwe sananene?

Sindinawapatse mayina a m'mabuku. Ndinati njira iliyonse yokopera anthu yomwe aitulukire aitche okha dzina, pakuti chinthu chomwe mwana wachitcha yekha dzina sachiiwala. Mayina amene anapeka ndi omwe ndikukupatsirani lero, kuti nanunso mukawagwiritse ntchito kunyumba.

Njira yoyamba anaitcha "kuthamangitsa". Izi ndi zija amati katundu watsala wochepa, mtengo ukwera mawa, mwayi utha Lachisanu. Ine ndinangoti chete, pakuti mbuna yangayo inali yomweyi. Munthu wothamanga saona pansi. Wogulitsa amadziwa kuti mukagona usiku umodzi, mukafunsa akazi anu kapena amuna anu, mwina simubweranso.

Yachiwiri anati "onse agula". Palibe amene amafuna kutsalira, makamaka wachinyamata. Akangomva kuti anzake onse ali nacho, mtima umayamba kuwawa ngakhale chinthucho sanali kuchifuna dzulo. Ndinawafunsa kuti, kodi "onsewo" munawawerenga ndinu? Anaseka.

Yachitatu anati "kubwereka nkhope". Woimba wotchuka, katswiri wa mpira, kapena munthu wovala chovala choyera ngati dokotala amaima pambali pa katundu n'kumamwetulira. Chikondi chathu pa munthuyo chimasamukira pa katunduyo osadziwa. Koma kudziwa kumwetsa zigoli sikupangitsa munthu kudziwa za mafuta odzola, ndipo kawirikawiri nkhope yobwerekedwa imalipidwa.

Yachinayi ndi yomwe inandisangalatsa kwambiri. Anaitcha "mawu opanda mafupa". Awa ndi mawu ngati "mpaka", "kuyambira pa", "amathandiza", "akatswiri akuti". Sitolo ikalemba kuti mitengo yatsika mpaka ndi 50 peresenti, mwina ndi chinthu chimodzi chokha chomwe chatsika chotero, zina zonse zatsika ndi 2 peresenti, koma sananame. Akati mankhwala amathandiza, amathandiza motani? Akati akatswiri avomereza, akatswiri ake ati, a kuti? Mawu otere sungawagwire, amaterera ngati mlamba.

Yachisanu anati "kuduladula mtengo". Apa tinachita masamu pabolodi. Tiyerekeze foni ya ngongole yomwe akuti muzilipira K1,500 yokha patsiku kwa chaka. Ndalamayo ikumveka ngati ya ndiwo. Koma muchulukitse ndi masiku 365, mupeza K547,500, osawerengera ija munapereka poyamba. Kugula mwa ngongole si tchimo, ndipo mabanja ambiri apeza magetsi a sola mwa njira yomweyi. Koma muzidziwa chiwerengero chonse, n'kuchiyerekeza ndi mtengo wogulira pompopompo, musanavomere. Njira yomweyi ndi imene inalowetsa mowa m'matumba a yunifolomu za ana athu nthawi ya masacheti. Kapaketi kakang'ono, kokongola, ka ndalama yoti ngakhale mwana wa pulayimale akanaipeza. Zinafika poipa mpaka boma linaletsa mowa wa m'masacheti mu 2015.

Yachisanu n'chimodzi ndi yoopsa kuposa zonse, ndipo inu a m'banja latsopano mumvetsere bwino. Anaitcha "kukanda pachilonda". Wotsatsa amafufuza pomwe pali mantha kapena manyazi anu, n'kukandapo. Mtsikana wakuda bii wokongola amauzidwa mochenjera kuti akadayera akadakondedwa, n'kuyamba kudzola mafuta owononga khungu. Banja lomwe latha zaka ziwiri opanda mwana, apongozi ayamba kale kuyang'ana cham'mbali, limaona chipepala pamtengo cholonjeza mimba pasabata ziwiri. Chipepala chomwe anabweretsa mtsikana uja chinkati mankhwala amodzimodziwo amachiza shuga, kuthamanga kwa magazi ndi kusabereka, amabweza mkazi wothawa, amawinitsanso milandu. Ana anaseka mpaka kugwira nthiti. Koma ine ndinawauza kuti amene amapita kumeneko si opusa. Ndi anthu amene chilonda chawo chawawa kwa nthawi yaitali. Choopsa n'chakuti ena amafika posiya mankhwala a kuchipatala, kaya a BP kaya ma ARV, chifukwa cha mawu a pamtengo kapena a pawailesi. N'chifukwa chake bungwe loona za mankhwala la PMRA limafuna kuti uthenga wotsatsa mankhwala uziunikidwa kaye usanaulutsidwe.

Chikondi cha mayi pa mwana wake nachonso ndi chilonda chokandika msanga. Mayi wachitsikana akaona khanda lonenepa pambali pa chitini cha mkaka, amayamba kukayikira bere lake lomwe. Vutoli linakula padziko lonse mpaka mu 1981 mayiko, kudzera ku bungwe la zaumoyo la WHO, anagwirizana malamulo oletsa kutsatsa mwachisawawa mkaka wa m'zitini wa makanda. Uphungu wa kusikelo sunasinthe: kuyamwitsa mwakathithi miyezi 6 yoyamba, pokhapokha achipatala atanena zina.

Titafika pa kalendala ya mbewu ija, mnyamata wina wochokera kubanja la alimi a thonje anafunsa funso lomwe ine sindinaliganize. Anati, "Aphunzitsi, chimanga chimenechi anachijambulira kuti?" Apo ndiye panagona nkhani. Chithunzi sichinena kuti mundawo unali wothirira kapena wa kumtunda kozizira, sichinena matumba a feteleza omwe analowamo. Kuno kuchigwa mvula ndi yochepa, kutentha n'koopsa, ndipo makolo athu sanali opusa podalira mapira ndi mchewere. Mbewu yabwino ilipo ndithu, koma woti akuuzeni yoyenera dera lanu ndi mlangizi wa zaulimi, osati kalendala.

Ndinawakumbutsanso anawo kuti zotsatsidwa si sopo ndi mbewu zokha. Malonjezo nawonso amatsatsidwa. Ife a kuno tili ndi chitsanzo pakhomo pomwe. Mu 2010 m'misewu ya dziko lino munaikidwa zikwangwani zikuluzikulu zolengeza kuti maloto akwaniritsidwa, doko la Nsanje likutsegulidwa. Pa 23 Okutobala chaka chimenecho Pulezidenti Bingu wa Mutharika anatsegula dokolo, pamaso pa Robert Mugabe wa ku Zimbabwe ndi Rupiah Banda wa ku Zambia. Koma chombo chonyamula feteleza chomwe anthu ankachidikira sichinafike, chinagwidwa ku Mozambique. M'zaka zotsatira, ena amene anathamangira kugula malo ndi kumanga nyumba zogona alendo anangotsala akuyang'ana madzi. Sindikukamba za chipani pano, ndipo maloto ofupikitsa njira ya kunyanja sanali oipa. Ndikukamba za funso lachitatu lija. Zikwangwani sizinanene kuti Shire akatuluka m'Malawi amathira mu Zambezi m'dziko la eni, ndipo eniwo ankafuna kafukufuku achitike kaye zombo zisanayambe kudutsa. Mwana wozolowera kufunsa kuti "sananene chiyani?" adzafunsa funso lomwelo pamsonkhano wa kampeni, kaya wolankhulayo wavala mtundu wanji.

Tsiku lomaliza ndinawatembenuzira nkhani. Ndinati aliyense akhale wogulitsa. Muli ndi mbuzi yokalamba, yotha mano, yosiya kubereka, ndipo mukuitengera kumsika wa Ngabu. Lembani uthenga woitsatsa, koma bodza n'loletsedwa. Mtsikana wina wofatsa, amene nthawi zonse ankakhala kumbuyo, anawerenga wake motere: "Mbuzi yodziwa njira ya kwawo! Siilumpha mpanda, siidya mbewu za aneba, siivuta kugwira. Yatsala imodzi yokha!" Kalasi yonse inagwa nacho chiseko. Palibe liwu limodzi labodza, koma aliyense akanaigula. Kuyambira tsiku limenelo sindinafunikenso kufotokoza zambiri. Munthu amene watcherapo yekha msampha amauzindikira msanga akauona panjira.

Anzake atatuluka, mnyamata uja anabweretsa uthenga wa kubetcha anatsalira. Anaima pakhomo akukanda pansi ndi chala cha kuphazi. Kenaka anati foniyo sinali ya mchimwene wake, inali yake. Mayi ake, omwe ndi amasiye, anagulitsa mbuzi n'kumupatsa ndalama yoti asunge ya sukulu. Iye anaona chithunzi cha mnyamata ngati iye yemwe atanyamula chipepala chachikulu cholembedwa mamiliyoni, n'kuganiza kuti aichulukitse ndalamayo kuti adzawadabwitse mayi ake. Theka linali litapita kale.

"Aphunzitsi, amationetsa wowina mmodzi. Oluzafe sationetsa."

Ameneyo anali atayankha yekha funso lachitatu. Ndalama zomwe wowina mmodziyo wanyamula zimachokera m'matumba a oluza ambirimbiri, ndipo mwini juga amayenera kutsala ndi phindu, apo ayi akanatseka kalekale. Malamulo salola mwana wosakwana zaka 18 kubetcha, koma foni siyang'ana nkhope. Ndinamuuza nkhani ya njinga yanga yamoto, yomwe ndinali ndisanauzepo mwana wasukulu aliyense. Loweruka tinapita limodzi kwa mayi ake. Analira, anakalipa, kenaka anakhala pansi n'kupangana naye za maganyu a patchuthi. Potiperekeza anangoti "takhuta", mawu a Chisena othokoza. Mnyamatayo sukulu anaimaliza.

Tsono makolo, musamve ngati ndikuti otsatsa malonda ndi adani. Ayi. Mayi a kunyumba kwanga nawonso amakuwa kuti "mandasi otentha!" ngakhale ena mwa iwo atayamba kuzizira. Wailesi za m'madera ngati Nyanthepa ku Nsanje zimafuna malonda kuti ziyende, ndipo wailesi zomwezo ndi zimene zimatichenjeza madzi akamabwera, monga zinalili ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Nyimbo zokopa zomwezo zatiphunzitsa kugona m'masikito ndi kusamba m'manja nthawi ya kolera. Popanda otsatsa sitikadadziwa zinthu zambiri zabwino. Koma mwana adziwe kusiyanitsa. Malume akamalangiza amafuna kuti mwanayo zimuyendere. Wotsatsa amafuna kuti katundu ayende. Nthawi zina ziwirizi zimakumana, nthawi zina ayi, ndipo ntchito yoona kusiyanako ndi ya wogula.

Phunziro limeneli musalisiyire aphunzitsi okha. Ife timakhala ndi mwana wanu maola ochepa, pomwe wailesi, foni ndi zikwangwani zili naye tsiku lonse. M'mera mpoyamba. Madzulo mukamamvera wailesi pakhonde, uthenga wamalonda ukadutsa, funsani mwamasewera kuti, "Apa akutikopa ndi chiyani?" Ngakhale mwana wa Sitandade 4 amatha kuyankha. Mukamutuma kugolosale, mumuphunzitse kuyang'ana tsiku lothera mphamvu ndi chizindikiro cha bungwe la MBS loona za ubwino wa katundu. Pafoni pakabwera uthenga woti mwawina mphoto pampikisano womwe simunalowe, muitaneni muwerenge limodzi, aone yekha kuti wopereka mphoto weniweni sayamba wapempha ndalama kapena nambala yanu yachinsinsi. Muchenjere kwambiri nthawi imene ndalama zalowa m'mudzi, thonje likagulidwa, malipiro akatuluka ku Nchalo, kapena a Mtukula Pakhomo akalandira. Ntchentche zimadziwa pomwe pali uchi.

Inu a banja latsopano, pangani lamulo lomwe ife tinalipanga mochedwa: palibe kusaina pepala la ngongole, palibe kugula chinthu chachikulu, usiku umodzi usanadutse ndiponso mnzako asanaone. Mwayi woona sutha chifukwa chogona tulo. Funsani wogulitsa funso limodzi lokha: "Ndikamaliza kulipira, zonse pamodzi zikhala zingati?" Akayamba kuzungulira, nyamukani. Safunsa anadya phula.

Ndipo mukapusitsidwa musangofera mumtima. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza ogula la 2003. Bungwe la Competition and Fair Trading Commission, lomwe ambiri amangoti CFTC, limalandira madandaulo a malonda osocheretsa anthu. Liliponso bungwe loimira ogula la CAMA, lomwe a John Kapito akhala akulitsogolera kwa zaka zambiri. Muzisunga lisiti ndi kapepala kotsatsira kaja, pakuti ndiwo umboni wanu.

Chachikulu koposa, musaope kuuza ana anu pomwe inuyo munagwa. Ine ndinabisa nkhani ya njinga kwa zaka, kuopa kuti ulemu wanga utha. Koma tsiku lomwe ndinaiulula ndi limene mnyamata uja anapeza mphamvu yopita kwa mayi ake.

Ndikuchenjezeni chinthu chimodzi: mpeni umenewu ukanoledwa umacheka ndi mwini yemwe. Masiku apitawa ndinauza mwana wathu wotsiriza, wa Sitandade 5, kuti akakhoza bwino mayeso ndidzamugulira kanthu kabwino. Anandiyang'ana monga anandiyang'anira mayi ake usiku uja.

"Ababa, 'kanthu' ndi mawu opanda mafupa. Nenani dzina lake, ndiponso tsiku lake."

Mayi ake anaseka mpaka kutsamwa. Ine ndinatchula nsapato, ndinatchulanso tsiku, ndipo iye analemba pakhoma ndi khala. Mumtima ndinati, uyu yekha anyamata a mataye adzavutika naye.